Thobwa Likasanduka Mowa, Wochimwa Ndani?

Ku Chinsapo mu Lilongwe, ngakhalenso ku Mgona, ku Kawale kapena kwa Biwi, mageni amene mayi angayambe ndi mpamba wochepa ndi owerengeka. Tomato amaola akagona pabenchi. Makala amalandidwa panjira ndi a zankhalango. Mandasi amadya mafuta ophikira, ndipo mtengo wa mafutawo unauluka kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kaunjika amafuna ndalama ya belo. Ndiye pamatsala geni ina, yakale kuposa onsewa, yosafuna sitolo, yosafuna malo kumsika, yosafunanso kukuwa poitana ogula: kufulula mowa wa masese kapena kutcheza kachasu kuseri kwa nyumba. Mgolo, nkhuni, mgaiwa, chimera ndi madzi a pakiyosiki zikapezeka, ntchito yayamba.

Mayi amene waganiza zoyamba geni imeneyi savutika kupeza womuphunzitsa. Agogo ake ankafulula, azakhali ake kumudzi amafulula, ndipo pa mdadada uliwonse wa nyumba za lendi sipalephera kukhala wina wodziwa muyeso wa chimera. Chomusowetsa tulo ndi china. M'sutikesi mwake muli yunifomu ya Chigwirizano, kapena amasonkhana ndi anzake kumphakati, kapena amasala m'mwezi wa Ramadhani. Mwina iye mwini sanalawepo mowa chibadwire. Kafukufuku wa STEPS, amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizidwa ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2009, anapeza kuti amuna pafupifupi 30 mwa 100 alionse amamwa, pomwe akazi anali 4 okha mwa 100. Komatu ofulula ndi otcheza ambiri ndi akazi. Mowa wapakhomo m'dziko muno umaphikidwa ndi gulu limene limamwa pang'ono, n'kumwedwa ndi gulu limene siliyandikira pamafuwa.

Ndiye mwamuna akaledzera n'kukamenya mkazi wake, kapena akapezeka m'mawa ali gone m'ngalande, mayi amene anaphika zimene wamwazo ali ndi gawo lanji pa mlanduwo pamaso pa Mulungu?

Thobwa ndi mowa wa masese zimachokera pamoto umodzi. Mawere, mapira kapena chimanga zimaviikidwa m'madzi ndi kufunditsidwa mpaka zitamera, kenaka zimayanikidwa ndi kugayidwa. Chimenecho ndiye chimera. Mayi amaphika phala la mgaiwa mumgolo, n'kulisiya lizizire pang'ono, ndipo akathiramo chimera, phala lolimba lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Mbewu ikamamera imapanga zinthu zimene asayansi amati ma enzyme, ndipo zimenezi ndi zomwe zimaphwanya ufa uja kuti usanduke shuga. Pamenepo tili pa thobwa, chakumwa cha pachinkhoswe, cha paukwati wa kutchalitchi ndi cha pamsonkhano wa amayi, chimene abusa amalandira ndi manja awiri ndipo Msilamu amamwa madzulo akamamasula kusala. Likagona masiku angapo, likaphikidwanso ndi kuonjezeredwa chimera, tizilombo tosaoneka ndi maso timalowa pantchito. Mabakiteriya amalisasitsa, yisiti amadya shuga uja n'kutulutsa mpweya ndi mphamvu yoledzeretsa, mgolo n'kumawira wokha pansi pake palibe moto. Akasefa, wapsa mowa.

Palibe amene angaloze ola limene thobwa lasiya kukhala thobwa. Aliyense wogulitsa la m'mabotolo pamsika wa Chinsapo amadziwa kuti lotsala la dzana, dzuwa la Okutobala likaswa mtengo, limayamba kuluma lilime ndi kutukumula botolo. Ngati tchimo lili m'madzimo, ndiye kuti limalowa usiku mwini wake ali m'tulo, ndipo wolilowetsa ndi yisiti. Chiphunzitso chotero sichingaime, ndipo palibe mbusa kapena shehe amene angachivomere atafunsidwa modekha. Tchimo liyenera kukhala mwa munthu: m'cholinga chake, m'zimene akudziwa, ndi m'zimene wasankha kusaziona.

Achewa amene anali eni nthaka ya Chinsapo, Lilongwe asanakhale likulu la dziko mu 1975, sankautenga mowa ngati chinthu wamba, koma sankauyesanso chonyansa. Unali chakudya cha amoyo ndi cha mizimu yomwe. Mvula ikavuta ankathira nsembe ya mowa pakachisi, ndipo kachisi wotchuka wa Makewana ku Msinja ali m'boma lomweli la Lilongwe, cha kumapiri a Dzalanyama. Munthu akamwalira ankafulula mowa wa m'meto, kenaka wa bona wotsazikana ndi mzimu wake, gule wamkulu ali m'bwalo. Munda ukakulira manja a banja, mwini wake ankafulula mowa wa dima, anthu n'kudzalima tsiku limodzi ndi kumwa khasu litagona. J.W.M. van Breugel, wansembe wa chipani cha White Fathers, analemba za miyambo imeneyi ndi za malamulo a mdulo m'buku lake la Chewa Traditional Religion. Wofulula mowa wa mizimu ankayenera kudzisunga, osalowa m'nyumba ndi mwamuna wake mpaka mowa utapsa. Ukasasa, mudzi unkayamba kufunsa amene waphwanya mwambo. Ndipo m'midzi yambiri mpaka lero mwini mowa amayamba walawa yekha pamaso pa alendo asanapereke chipanda. Munthu akhoza kukana chikhulupiriro cha mdulo, koma mfundo imene ili pansi pake ndi yomveka: wofulula ankayankha pa zimene zili m'mbiya mwake, ndipo ankayankha ndi thupi lake lomwe.

Mowa wa makolo unalinso ndi malire osalembedwa. Unkachuluka anthu akakolola, unkamwedwa pagulu akulu akuona, ana sankakhala nawo pabwalo, ndipo ukatha unkakhala watha mpaka wina adzafululenso. Ndalama ndi imene inazula malire amenewa. Mowa wogulitsa ulibe nyengo, ndipo sufunsa zaka za wogula.

Amishoni atafika anagawanika pa nkhaniyi, ndipo mng'alu umenewo ukuonekabe m'makwalala a Chinsapo. A Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa, amene anayamba ntchito ku Mvera mu 1889 motsogozedwa ndi A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok n'kufika ku Nkhoma mu 1896, analetsa akhristu awo kumwa ndi kufulula komwe. A Livingstonia a Robert Laws kumpoto anachita chimodzimodzi. Sinodi ya Nkhoma ya CCAP inasunga lamuloli, moti mkhristu wopezeka akufulula amaitanidwa kubwalo la akulu ampingo n'kuimitsidwa ku Mgonero. A Seventh-day Adventist, amene anakhazikika ku Malamulo mu 1902, amaletsa ndi fodya yemwe. Koma ansembe a White Fathers, amene anamanga mishoni ya Likuni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mtunda woyenda wapansi kuchokera ku Chinsapo, ambiri anali ochokera ku France ndi maiko ena kumene vinyo amakhala pa tebulo pamodzi ndi chakudya. Iwowa analimbana koopsa ndi zinyau, koma pa mowa analetsa kuledzera, osati kumwa. Katekisimu wa mpingo wa Katolika, pa ndime 2290, amaika mowa m'gulu limodzi ndi chakudya, fodya ndi mankhwala, zinthu zimene munthu ayenera kudziletsa kuti asapyole nazo muyeso. Zotsatira zake n'zakuti mpanda umodzi wa udzu ukhoza kulekanitsa amayi awiri ophika migolo yofanana, wina n'kudulidwa, mnzake n'kukalandira Ukaristia Lamulungu lotsatira. Ndipo si magulu ang'onoang'ono amene akusiyana chonchi: kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, 17 ndi Akatolika, 14 ndi a CCAP, ndipo pafupifupi 14 ndi Asilamu.

Chimene akhristu ambiri sauzidwa kukalasi n'chakuti chiletso cha Apulotesitanti si chakale kwenikweni. Katharina von Bora, mkazi wa Martin Luther, ankafulula mowa pakhomo pake ku Wittenberg, ndipo mwamuna wake ankaukonda. John Calvin, gwero la chiphunzitso cha CCAP, ankalandira vinyo ngati gawo la malipiro ake ku Geneva. Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1800, pamene mowa waukali unasakaza mabanja a antchito a m'mafakitale ku Britain ndi ku America, mipingo n'kuyamba kulumbiritsa anthu kuti asadzalawenso. Mu 1869 Thomas Welch, dokotala wa mano wa mpingo wa Methodist ku New Jersey, anapeza njira yosungira madzi a mphesa kuti asawire, pofuna kuti pa Mgonero pasakhale choledzeretsa. Amishoni amene anabwera kuno anali ana a nyengo imeneyo, ndipo anali ataona ndi maso awo zimene botolo limachita pakhomo la munthu wosauka. Sikuti analakwa. Kungoti lamulo lawo linabadwa poyankha vuto la nthawi yake, ndipo n'koyenera kuliyeza ndi zipatso zake.

Si Amalawi onse amene analimeza. Mpingo wa Ethiopian umene Peter Nyambo anayambitsa ku Ntcheu m'zaka za m'ma 1940 unalola mowa ndi mitala, ndipo anthu a mipingo ina anaupatsa dzina lachipongwe loti Zoipa Chitani. Koma mphepo ya masiku ano ikuombera kwina. M'mipingo ya Pentekoste, imene yadzaza Chinsapo, kutaya botolo ndi chizindikiro choyamba cha kubadwa mwatsopano. Harri Englund wa pa yunivesite ya Cambridge, amene anachita kafukufuku wa nthawi yaitali ku Chinsapo kuyambira m'zaka za m'ma 1990, anaonetsa kuti mipingo yaing'onoing'ono ya m'derali ndi ya anthu osauka otsogozedwa ndi abusa osaukanso, ndipo imamanga chibale ndi kukhulupirirana pakati pa anthu ochokera m'maboma osiyanasiyana. Munthu akamvetsa zimenezi amamvetsanso kulemera kwa mawu oti kudulidwa. Kwa mayi wochokera ku Dedza kapena ku Mchinji, amene abale ake ali kutali, kudulidwa ndi kutaya anthu amene akanadzamuzonda kuchipatala ndi kudzaimba pa maliro a mwana wake.

Baibulo silithetsa mkanganowu msanga. Oletsa amatsegula Genesis 9, pamene Nowa anadzichititsa manyazi ataledzera, Miyambo 20 ndi 23, ndi Aefeso 5:18. Ololeza amatsegula Salimo 104, limene limawerengera vinyo pa mphatso za Mulungu, ndi 1 Timoteo 5:23, pamene Paulo akulangiza Timoteo kumwako pang'ono chifukwa cha m'mimba. Kenaka onse amakumana ku Kana. Yohane 2 amatchula mitsuko 6 yamiyala, uliwonse wolowa malita a pakati pa 80 ndi 120. Yonse pamodzi ikuposa migolo iwiri ya malita 200, ndipo alendo anali atamwa kale. Alaliki ena amati vinyo ameneyo anali wosawira. Koma kudabwa kwa mkulu wa phwando, poona kuti wokoma wasungidwa mpaka kumapeto pamene mwambo unali woyamba ndi wokomayo anthu asanataye lilime, sikungamveke ngati chakumwacho chinali madzi a zipatso. Wowerenga mosakondera avomereza zinthu ziwiri: Baibulo limadana ndi kuledzera kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo silinena kuti kupanga chakumwa choledzeretsa, pakokha, ndi tchimo.

Mavesi onsewa akukamba za womwa. Za wopereka zikupezeka kwina. Habakuku 2:15 amalengeza tsoka kwa womwetsa mnzake pofuna kumuchititsa manyazi, ndipo pa Aroma 14 Paulo amati n'kwabwino kusiya ngakhale chololedwa ngati chikugwetsa m'bale. Chisilamu sichizengereza n'komwe. Qur'an, pa Surah 5 ndime 90, imaika zoledzeretsa pamodzi ndi njuga ngati zoyenera kuzipewa, ndipo Hadith yodziwika bwino imatchula anthu khumi otembereredwa chifukwa cha mowa, kuphatikizapo wopanga, wonyamula, wogulitsa ndi wodya ndalama yake. Kwa mayi wachisilamu funso lathera pomwepo. Lamulo limeneli ndi lolimba, koma lili ndi chilungamo chake: silisiyanitsa mwini fakitale ndi mwini mgolo.

Thomas Aquinas, m'zaka za m'ma 1200, anasinkhasinkha za amisiri opanga zinthu zimene anthu ena amachimwa nazo, ndipo anagawa nkhaniyi patatu. Chinthu chimene sichingagwire ntchito popanda tchimo, monga fano lopembedza, wochipanga amachimwa. Chimene chingagwire ntchito yabwino kapena yoipa, monga lupanga ndi mivi, wochipanga alibe mlandu. Koma chikakhala kuti nthawi zambiri anthu amachigwiritsa ntchito moipa, wolamulira dziko ayenera kuchichotsa ngakhale chili chololedwa. Boma la Malawi linatsata mfundo yachitatuyi, kaya linkamudziwa Aquinas kaya ayi, pamene linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 utayamba kupezeka m'matumba a ana asukulu, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa.

Pa muyeso umenewu masese ndi kachasu sizingakhale pamkeka umodzi. Masese mphamvu yake ndi yochepa, yosasiyana kwambiri ndi ya Chibuku. Munthu amaledzera nawo ndithu, koma ayenera kukhala pansi nthawi yaitali ndi kudzaza mimba ndi phala. Kachasu ndi nkhani ina. Madeya ndi shuga zikawira zimaphikidwa mumphika womata pakamwa, nthunzi n'kudutsa mupaipi yozizira ndi madzi, n'kumadontha m'botolo. Woyamba kudontha, amene omwa amati mutu, amatha kuposa jini wa m'sitolo ukali. Palibe amene amagula velemoti ya mutu kuti aphe ludzu kapena njala.

Komabe pali pamene fanizo la Aquinas likuperewera pa Chinsapo. Wosula lupanga amagulitsa kwa mlendo amene sadzamuonanso. Mayi wofulula amawadziwa makasitomala ake maina, nyumba, akazi awo ndi tsiku limene amalandira. Amadziwa kuti wa kabaza uja akatsiriza chikho chachitatu akwera njinga yamoto n'kukanyamula munthu pamsewu wa Likuni. Amadziwa kuti ana a mlonda uja abwezedwa kusukulu. Amadziwa kuti mnyamata wandevu zongomera uja ali Fomu 2, pomwe malamulo a dziko amaletsa kugulitsa mowa kwa wosafika zaka 18. Akamva mawu ozolowereka aja oti, "Mayi, ndithirireni kaye, tionana pamalipiro," amadziwa kuti kope la ngongole limene akulembamo likudya ndiwo za mayi mnzake amene m'mawa aima naye pamzere wa madzi. Apa ndi pamene pagona mlandu wake weniweni, osati pa tsiku limene mgolo unayamba kuwira.

Kudziwa komweko kumamupatsanso mphamvu imene kampani ilibe. Fakitale ya Carlsberg imene inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark, imene inagulidwa ndi Castel mu 2016, imatumiza makireti dziko lonse koma singabweze munthu mmodzi amene wakwana. Mayi wa ku Chinsapo akhoza kuvundikira ndowa n'kunena kuti, "Achimwene, basi zakwana, kagoneni." Alipo amene amatero, ndipo amataya ndalama potero. Alipo amene amathirabe mpaka munthu atasiya nsapato ndi foni pachikole. Awiriwa akugwira ntchito imodzi, koma kuwaweruza mofanana n'kusafuna kuganiza.

Palinso mlandu wa zimene zalowa mumgolo. Pa 9 Januwale 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu ochokera kumaliro anamwa mowa wofulula pakhomo. Anthu 75 anamwalira, oposa 200 anadwala, ndipo mayi wofululayo anali mmodzi wa omwalirawo. Mphekesera inathamanga yoti wina anathiramo ndulu ya ng'ona, nkhani imene aliyense wokulira m'mbali mwa Shire kapena Zambezi anaimvapo. Patapita miyezi, akatswiri atayeza mowawo ndi ufa wake, anapeza poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi bakiteriya wa Burkholderia gladioli amene anaswana mu ufa wa chimanga woonongeka. Panalibe mfiti, panalibe ng'ona. Mayi uja sanafune kupha munthu, poti naye anamwa. Koma nkhani yake itadziwika, wofulula wa lero sanganenenso kuti sankadziwa.

Kuno kwathu chizolowezi chake n'chomwecho: chimanga choola, chimene palibe angachiphikire nsima, chimasungidwira mowa, poganiza kuti moto ndi kuwira zimapha zonse. Limbikani Matumba ndi anzake anafalitsa mu 2014 zotsatira za kafukufuku amene anapeza poizoni wa chuku, aflatoxin ndi fumonisin, m'mowa wa masese wa m'Malawi. Aflatoxin amayambitsa khansa ya m'chiwindi, ndipo saphedwa ndi moto wa pamafuwa. Mu Epulo 2024 mowa wa m'makwalala umene omwa okha anautcha Ambuye Nditengeni unapha anthu angapo ku Blantyre. M'maiko ambiri imfa zotere zimabwera munthu akasakaniza methanol, sipiriti wa m'mafakitale amene amachititsa khungu ndi kupha, kuti mowa ulume msanga pamtengo wotsika. Pa mfundo iyi shehe, mbusa, wansembe ndi namkungwi sangatsutsane. Wothira ufa woola kapena mankhwala mumgolo akudziwa, waphwanya lamulo loletsa kupha, ndipo zoti mpingo wake umalola mowa sizimupulumutsa.

Tsono bwalo la akulu ampingo nalo liyenera kudzifunsa. Kawirikawiri limagwira amene ali pafupi. Bwana amene amamwera ku Bwandilo ku Area 47, kapena m'galimoto yake magalasi atatseka, saoneka. Utsi wa mgolo wa mayi wamasiye umaonedwa ndi mudzi wonse. Wagolosale amene amagulitsa matumba a shuga kwa otcheza akudziwa bwino kumene akupita, mwini nyumba amene amalandira lendi ya shabini, ndi mkhristu amene malipiro ake amachokera kukampani ya mowa, onsewa saitanidwa kawirikawiri, ndipo chopereka chawo sichibwezedwa. Boma limatolera msonkho pa botolo lililonse, ndipo thumba lomwelo ndi limene limalipira aphunzitsi a m'sukulu zambiri za mishoni. Ngati kudya ndalama ya mowa ndi tchimo, mzere wa oyenera kuyankha ndi wautali, ndipo mayi wa mgolo umodzi sali kutsogolo kwake.

Mbiri ili ndi chenjezo lake. Pa njala ya 1949 boma la atsamunda linaletsa kufulula pofuna kusunga chimanga. Megan Vaughan, m'buku lake la 1987 lonena za njala imeneyo, anaonetsa kuti amayi ambiri ozungulira Blantyre amene ankadalira mowa anataya njira yawo yopezera ndalama pa nthawi imene ankaifunitsitsa kuti agule chakudya. Chiletsocho chinali ndi chifukwa chomveka, koma amene anachilipira anali amayi opanda wowagwira mkono. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Palibe mayi amene amakonda kugona akununkha utsi ndi kutukwanidwa ndi zidakwa pakhomo pake ana ake akumva.

Zonsezi sizikulanda mpingo ufulu woletsa. WHO inawerengera kuti mu 2019 mowa unapha anthu 2.6 miliyoni padziko lonse, ndipo mayi aliyense wa ku Chinsapo akhoza kutchula manda a achimwene kapena amalume amene anapita ndi kachasu. Mpingo umene wasankha kuti anthu ake asakhudze mowa n'komwe uli ndi zifukwa zolemera, ndipo wapulumutsa mabanja ambiri. Mayi amene analonjeza pamaso pa mpingo wotero, n'kumafulula mobisa usiku, ali ndi mlandu wa chinyengo ngakhale mowa wake utakhala wabwino chotani. Koma Yakobo 2 amadzudzula wouza wanjala kuti apite mumtendere osamupatsa kanthu, ndipo kudula mayi popanda kumufunsa chimene adye mawa n'chimodzimodzi.

Wolemba uno akuona chonchi. Kufulula masese ndi chimanga chabwino, kugulitsa kwa akulu okhaokha, kukana ngongole ndi kubweza amene wakwana, si tchimo pakokha, ngakhale ndi ntchito yovuta kuigwira ndi manja oyera chaka ndi chaka, chifukwa kasitomala wobweretsa phindu lalikulu ndi yemwe uja woyenera kubwezedwa. Kutcheza kachasu wogulitsa n'kovuta kwambiri kukuikira kumbuyo, poti geni yake imadalira anthu amene mowa wawagwira kale pakhosi. Mayi amene akufuna kuyamba adziwe kuti akulowa ntchito imene idzamufunsa kukana ndalama tsiku ndi tsiku; ngati akudziwa kuti lendi ikamupana sadzatha kukana, ndi bwino mgolowo aphikiremo thobwa.

Ndipo inu akulu ampingo a ku Chinsapo, musanawerenge dzina la mayi kuguwa Lamulungu, yambani mwafika pakhomo pake. Mufunseni kuti lendi amalipira zingati, ana ndi angati, mwamuna ali kuti. Muone ngati banki m'khonde ya amayi a mumpingo ingamubwereke mpamba wa geni ina asanakagwe m'manja mwa akatapila. Mukatero mupemphe kope lake la ngongole, muwerenge maina amene alimo, ndipo amene ali a mumpingo mwanu muwaitanenso kubwalo tsiku lomwelo.